FUMBI LA M'CHIPULULU LIDYETSA ZAMOYO ZA M'NYANJA ZAZIKULU

Pa zinthu zonse zimene anthu adandaula nazo m'nyengo ya chilimwe, palibe chonyozeka koposa fumbi. Lidetsa zovala, litsokomoletsa ana, ndipo amesenjala a m'maofesi atopa nako kulipukuta pa matebulo. Koma akatswiri a za nyanja atsimikiza kuti fumbi lomweli, likauluka ndi mphepo kuchokera ku zipululu ndi kukagwera m'nyanja zazikulu za mchere, lisanduka chakudya cha zamoyo za m'madzi. Nkhaniyi iyenera kumveka bwino kwa aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti alipo ena amene afuna kutsanzira ntchito ya fumbili pothira chitsulo m'nyanja, ndipo maiko ayenera kuweruza ngati zimenezo zili zanzeru.

NJALA PAKATI PA ZAKUDYA

M'madzi a pamwamba pa nyanja muli tizomera tosaoneka ndi maso, tonga ndere, timene akatswiri atitcha phytoplankton. Tizomerati ndi msipu wa m'nyanja. Tizilombo ta m'madzi tidya msipuwo, nsomba zazing'ono zidya tizilomboto, ndipo nsomba zazikulu, mbalame ndi anamgumi zikhalira moyo pomwepo. Tizomerati titulutsanso pafupifupi theka la okosijeni amene zomera zonse za pa dziko zipanga, ndipo pochita zimenezi timeza carbon dioxide, mpweya umene ukutenthetsa dziko lapansi.

Tsono panali chinthu chimene chinazunguza akatswiri zaka zambiri. M'nyanja yozinga Antarctica, ndi m'mbali zina za Pacific, madzi ali ndi nitrate ndi phosphate wochuluka, ndiye feteleza wa tizomerati, koma tizomerato ndi tochepa. Kunali ngati kuona munda wothiridwa manyowa bwino, chimanga chake chili chachikasu. M'zaka za m'ma 1930 ena anaganizira kuti chosowa ndi chitsulo, koma umboni unavuta, popeza dzimbiri la zombo ndi la zingwe zotungira madzi linali kuipitsa miyeso yawo.

Amene anamasula mfundoyi ndi John Martin wa ku Moss Landing Marine Laboratories ku California. Iye ndi anzake anatunga madzi ndi zipangizo zosakhudzana ndi chitsulo, ndipo mu 1988 anasonyeza kuti madzi a kumpoto kwa Pacific akathiridwa kachitsulo pang'ono m'botolo, tizomera tija tichulukana m'masiku owerengeka.

Awerengi asaganize za misomali kapena makasu. Tinena za chitsulo chosungunuka, chonga chimene chili m'magazi a munthu, chimene chikachepa munthu afooka. Tizomera tifuna chochepa kwambiri, monga mchere m'ndiwo, koma popanda icho sitingathe kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Vuto ndi lakuti chitsulo sichikhalitsa m'madzi a mchere, chichita dzimbiri ndi kumira. Chimene mitsinje inyamula, chochuluka chitsalira kumathiriro. Kotero madzi a pakatikati pa nyanja, kutali ndi mtunda, adalira kwambiri chimene mphepo ibweretsa.

ULENDO WA FUMBI LA SAHARA

Mu 1832 Charles Darwin, ali m'chombo cha Beagle pafupi ndi zisumbu za Cape Verde, anaona fumbi losalala likugwera m'chombomo, nalisunga kuti likapimidwe. Lero makina a m'mlengalenga aonetsa ulendo wonse wa fumbilo. Kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 2015 anapeza kuti matani pafupifupi 182 miliyoni a fumbi atuluka m'chipululu cha Sahara chaka ndi chaka kulowera ku Atlantic, ndipo matani oposa 27 miliyoni akafika ku nkhalango ya Amazon ku South America.

Malo otchuka potulutsa fumbi ndi chigwa cha Bodélé m'dziko la Chad. Zaka zikwi zingapo zapitazo pamenepo panali nyanja yaikulu ya madzi opanda mchere. Nyanjayo inaphwa, nisiya matope ouma odzaza ndi zikamba za tizomera ta m'madzi. Mphepo yopanikizika pakati pa mapiri a Tibesti ndi Ennedi ikokolola matopewo ndi kuwakweza kumwamba. Potero nyanja yakufa idyetsa nyanja yamoyo.

Fumbi likagwera m'madzi, kagawo kochepa kokha ka chitsulo chake ndiko kasungunuka, koma kakwanira. M'madzi ofunda a Atlantic muli kachomera kotchedwa Trichodesmium, kamene kagwira ntchito yonga ya nyemba ndi nandolo m'munda, ndiyo kutenga nitrogen wa mumpweya ndi kumusandutsa chakudya cha zomera. Ntchitoyi ifuna chitsulo chambiri, ndipo nchifukwa chake kachomerako kachuluka kumene fumbi la Sahara ligwera.

UMBONI WA KUM'MWERA

Kum'mwera kwa Africa nakonso kuli magwero a fumbi, monga zigwa zouma za Etosha ku Namibia ndi Makgadikgadi ku Botswana. Mu 2019 chigawo chino chinakanthidwa ndi chilala choopsa. Kuyambira mwezi wa Novembala chaka chomwecho, nyanja ya kum'mwera chakum'mawa kwa Madagascar inabiriwira ndi tizomera modabwitsa, pa nyengo imene sizichitika kawirikawiri. Akatswiri amene analengeza zofufuza zawo mu 2024 anati fumbi la m'maiko ouma aja linauluka ndi mphepo, ndipo mvula inaligwetsera m'nyanjamo. M'nyengo yomweyo utsi ndi phulusa la moto wolusa wa ku Australia wa 2019 ndi 2020 zinachititsa zofananazo kum'mwera kwa Pacific.

MAYESO OTHIRA CHITSULO

John Martin sanalekere pa botolo. Madzi oundana a ku Antarctica asunga mbiri ya mpweya wa zaka mazana a zikwi, ndipo asonyeza kuti m'nyengo za chisanu chachikulu fumbi linali lochuluka koposa lero, pamene carbon dioxide anatsika kufika pa magawo pafupifupi 180 pa miliyoni, poyerekeza ndi 280 m'nyengo zofunda. Mu 1990 Martin anati fumbi la ku Patagonia ndi kwina linadyetsa tizomera, tizomerato tinameza mpweyawo, ndipo titafa tinamira nawo pansi pa nyanja. Ananenapo moseka kuti atapatsidwa theka la chombo cha chitsulo akhoza kubweza nyengo ya chisanu ija.

Martin anamwalira mu 1993, miyezi yochepa anzake asanathire chitsulo m'nyanja koyamba pafupi ndi zisumbu za Galápagos. Pa mayeso achiwiri, mu 1995, madzi oyera anasanduka obiriwira ngati dziwe la ndere. Mayeso oposa 10 anachitika m'nyanja zosiyanasiyana, ndipo anatsimikiza mbali yoyamba ya ganizo lake, yakuti chitsulo chichulukitsa tizomera.

Mbali yachiwiri ndiyo inakhumudwitsa. Mu 2009 akatswiri a ku India ndi Germany, pa mayeso otchedwa LOHAFEX, anathira chitsulo kum'mwera kwa Atlantic. Tizomera tinachulukadi, koma tizilombo tinadya msipuwo usanamire, ndipo mpweya wochepa wokha ndiwo unapita pansi. Palinso mantha akuti tizomera tikachulukitsidwa pamalo amodzi titha feteleza amene madzi akananyamulira ku nyanja zina, kumene asodzi adalira nsomba, ndiponso kuti mitundu ina ya tizomera taululu ikhoza kuchuluka.

Ngakhale zinali choncho, mu 2012 kampani ina inathira matani pafupifupi 100 a mankhwala a chitsulo m'nyanja pafupi ndi zisumbu za Haida Gwaii ku Canada, poyembekeza kuchulukitsa nsomba za salmon. Maiko ambiri anakwiya, ndipo mu 2013 maiko a m'pangano la London Protocol anagwirizana kuti kuthira chitsulo m'nyanja kuloledwe pokhapokha pa kafukufuku woona ndi wovomerezeka.

PHUNZIRO LAKE

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphepo imwaza fumbi pang'onopang'ono, pa nyanja yotakata, ndipo zamoyo zazolowera muyeso umenewo kwa zaka zosawerengeka. Chombo chokhuthula chitsulo pa sabata imodzi sichingafanane nayo, ndipo sichingalowe m'malo mwa ntchito yochepetsa utsi wa malasha ndi mafuta.

Pasapezekenso wina wonena kuti kuguga kwa nthaka n'kwabwino popeza nsomba zipindula. Fumbi louluka m'munda wosasamalidwa ndi chonde chimene mlimi wataya, ndipo alangizi a zaulimi apitirize kulimbikitsa mizere, mitengo ndi kuphimbira nthaka. Koma mphunzitsi akaimirira pa mapu a dziko lapansi, asaphunzitse chipululu Lolemba ndi nyanja Lachiwiri ngati zinthu zosadziwana. Aloze Chad, aloze Atlantic, nauze ana kuti mphepo ndiyo mtengatenga wa pakati pa ziwirizi.