Tsiku ndi Chaka m'Mabanja a ku Tsangano

Nkhani ya lero yachokera ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, dera la mapiri lochita malire ndi dziko la Mozambique. Ambiri amalidziwa dzina limeneli chifukwa cha mbatatesi ndi kabichi zimene amagula pamphambano ya Tsangano, pamsewu waukulu wa M1. Koma nkhani ino siikunena za malonda ayi. Ikufotokoza chifukwa chake ntchito zobwerezabwereza za tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi miyambo ya pachaka, zimakhazika pansi mtima wa munthu.

Ku Tsangano kumacha ndi nkhungu, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chake chimalowa mpaka m'mafupa. Komabe tambala akalira, aliyense pakhomo amadziwa chochita popanda womuuza. Mayi amakoleza moto ndi kutereka madzi. Mtsikana amatenga tsache nasesa pabwalo, kenaka amasenza ndowa kunka kumadzi. Mnyamata amatsekula khola. Bambo amaika khasu paphewa nalowera kumunda kapena kudimba. Mwana asanapite kusukulu amayamba wagwada pakhomo pa agogo ake ndi kuwafunsa m'mene adzukira.

Wina angaone ngati moyo wotere ndi wotopetsa, popeza zadzulo ndi zalero n'zimodzimodzi. Koma ubwino wake wagona pomwepo. Choyamba, munthu amene ntchito yake ikumudikira sadzuka ndi mtima wozunguzika. Manja akakhala ndi chogwira, nkhawa imachepa. Chachiwiri, mwana amene wapatsidwa tsache kapena mbuzi amaphunzira kuti pakhomo amafunika, ndi kuti akajomba china chake chiwonongeka. Chachitatu, mwambo wa tsiku ndiwo mlonda wa mudzi. Ngati dzuwa lakwera koma panyumba ya nkhalamba sipakufuka utsi, anansi amadziwa kuti pali vuto ndipo amathamangirako. Moni wa m'mawa si ulemu chabe: ndi njira yowerengera anthu ngati onse adzuka amoyo.

Madzulo banja limakumananso pambale ya nsima. M'nyengo yozizira ana amazungulira moto, agogo n'kuyamba nthano. Akuluakulu ankaletsa kusimba nthano masana, ndipo lamulo limeneli linkateteza zinthu ziwiri: ntchito kuti igwiridwe dzuwa lilipo, ndi usiku kuti ukhale ndi chokoma chake chimene mwana amachiyembekeza.

Monga tsiku lili ndi dongosolo, chakanso chili ndi lake. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu amasosa ndi kugalauza, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Mvula yeniyeni ikagwa amadzala chimanga, nyemba ndi mbatatesi, pokumbukira kuti m'mera m'poyamba. Mapichesi akayamba kupsa, ana amadziwa kuti Khrisimasi yayandikira, ndipo abale a ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Joni amayamba kufika ndi katundu pamutu. Tsiku limenelo nkhuku imaphedwa, mpunga umaphikidwa, ndipo mwana wobadwira kutauni amaonetsedwa kwa amalume ake.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, pamene nkhokwe zambiri zimapepuka ntchito yopalira ili pachimake. Chimene chimalimbitsa anthu mtima ndi kudziwa kuti njala ya dzinja ili ndi malire: maungu ndi mondokwa zili m'njira. Munthu amapirira msanga vuto limene akudziwa tsiku lake lotha. Masika akafika, amayi amafutsa nkhwani ndi khwanya kuti mfutso udzathandize m'chilimwe, abambo amakonza nkhokwe, ndipo alimi ena amayang'anira tirigu wawo, mbewu imene imakonda malo okwera ndi ozizira ngati amenewa. Pambuyo pake ntchito imasamukira kumadimba.

Chilimwe ndiyo nyengo ya mbumba. Popeza chakudya chilipo ndipo njira zauma, m'pamene mabanja amachita maukwati, amalambula kumanda ndi kuika ziliza. Chimera chimanyikidwa, thobwa limaphikidwa, ndipo achibale amene anayambana amakakamizika kukhala pamphasa imodzi. Milandu yambiri ya m'banja imathera pamisonkhano yotere, pakuti chibale ndi fupa, sichiola. M'nyengo yomweyi Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano, motsogozedwa ndi Inkosi ya Makhosi Gomani. Kumeneko amakumbukira Gomani woyamba, amene anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda m'chaka cha 1896, ndipo amuna amavina ngoma atanyamula zishango. Mnyamata amene waona agogo ake akuponda pansi mwamphamvu m'bwalo limenelo amabwerera kumudzi akudziwa kumene anachokera.

Mphamvu ya zinthu zimenezi inaoneka bwino pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba m'chaka cha 1977 ndi kutha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Dziko la Malaŵi linalandira anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo boma la Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira ambiri. Malire a kuno anaikidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano la 1891, ndipo anadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi ndi miyambo imodzi; tsidya linalo kulinso boma lotchedwa Tsangano, m'chigawo cha Tete. Motero ambiri mwa obwerawo sanali alendo enieni. Anasiya nyumba, ziweto ndi minda, koma dongosolo la tsiku anabwera nalo. Mayi ankati akapeza pogona amaika mafuwa atatu, n'kusesa pakhomo pa msasa wake ngati kwawo. Mwana woona amayi ake akuvundula nsima pa nthawi yake ankagona tulo, ngakhale kuti dzulo lake anamva mfuti. Mtendere utabwera, ambiri anabwerera kukayambiranso pa minda yawo.

Lero chimene chikugwedeza dongosolo limeneli si nkhondo. Mvula siikudziwikanso bwino tsiku lake, moti mlimi akhoza kudzala kawiri. Achinyamata ambiri akupita kutali kukafuna ntchito, n'kusiya ana m'manja mwa agogo. Madzulo, lamya ya m'manja yayamba kulanda malo a nthano. Palibe amene angabweze zaka m'mbuyo, ndipo si zonse zakale zimene zinali zabwino. Koma banja limene lataya nthawi yodyera pamodzi ndi nyengo yokumana silizindikira msanga kuti lataya kanthu. Zimadzaoneka pa tsiku la maliro, pamene ana a munthu mmodzi akufunsana maina.

Choncho banja lililonse, kaya lili ku Chitipa, ku Nsanje kapena m'tauni, lingachite bwino kusunga zinthu ziwiri kapena zitatu zosasintha: moni wa m'mawa, chakudya chimodzi chodyera pamodzi, ndi ulendo umodzi pachaka wopita kumudzi. Zimenezi sizilira ndalama zambiri, koma mwana amene wakula nazo amakhala ndi pogwira zinthu zikadzavuta. Ku Tsangano mawa kudzachanso ndi nkhungu, ndipo utsi udzafuka m'nyumba iliyonse. Pamene sudzafuka, alipo amene adzapita kukagogoda.