Ulendo wa pabwato wa ku mwambo wa 3 Malichi: vuto lili pobwerera

Chaka chilichonse pa 3 Malichi, tauni ya Nkhata Bay imadzaza ndi anthu odzakumbukira abale awo amene adaphedwa padoko la m'taunimo mu 1959. Ambiri amabwera pagalimoto kudzera mumsewu wa M5, koma kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja, bwato ndi njira imene adaidziwa kalekale. Wochokera kugombe la Mwaya, kum'mwera kwa Chintheche, amalunjika kumpoto, kuzungulira ndomo ya Bandawe, mpaka kukakocheza pafupi ndi pamene sitima ya Ilala imaima. A ku Usisya ndi ku Ruarwe, kumene mapiri amagwera m'madzi ndipo misewu ndi yovuta, amatsikira kum'mwera.

Chimene chimawasonkhanitsa ndi mbiri ya dokolo. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa wa Nyasaland, Robert Armitage, adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress adagwidwa m'bandakucha. Dr Hastings Kamuzu Banda adatengedwa kupita kundende ya Gwelo. Ena mwa ogwidwa a chigawo cha kumpoto adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, imene idali padoko la Nkhata Bay. Khamu litasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, asilikali adawombera. Lipoti la Devlin lidati anthu 20 adafa pamalopo, pamene eni dera amawerenga 31. M'nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu tsikuli lidali la zii, losaimbidwa ng'oma. Lero kumakhala mapemphero, kuika nkhata ndi zolankhula, ndipo mwambo ukatha msika ndi gombe zimachita phokoso ngati tsiku limene Ilala yafika.

Popita, ulendo suvuta kawirikawiri. Anthu amanyamuka m'magulu ang'onoang'ono, nthawi zosiyana, kukuwala, ndipo woyendetsa amakhala ndi mpata woyang'ana mitambo asanadzutse injini kapena kukweza thanga. Pobwerera zonsezi zimatembenuka. Mwambo umatha nthawi imodzi, aliyense amafuna kukafika kwawo kusanade, ndipo amene adabwera chimanjamanja amakhala atanyamula ufa, shuga, mafuta, ena ngakhale malata. Mwini bwato akaona ndalama zikumuyang'ana pagombe, kukana munthu kumamuvuta, makamaka ngati wopemphayo ndi wa mudzi umodzi.

Bwato lamatabwa likalemera limamira m'madzi, mpaka mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo wake umatsala wochepa. Zikatero silifunanso namondwe kuti ligubuduke. Funde laling'ono likalowa, okwera amadzidzimuka n'kuthamangira mbali imodzi, ndipo kulemera kwawo ndiko kumalitembenuza. Izi zimakumana ndi nyengo yosadalirika, pakuti Malichi ndi Epulo ndi miyezi imene Nkhata Bay imalandira mvula yambiri, ndipo nyanja yabata imatha kukalipa m'kanthawi kochepa. Mphepo ya mwera, imene asodzi amaiopa kwambiri, imadzalimba m'miyezi yozizira, koma kusakhalapo kwake si chitsimikizo cha bata.

Nyanjayi idaonetsa kale zimenezi. Mu Epulo 2017, bwato lonyamula anthu pafupifupi 80 ochokera kumapemphero a Pasaka lidagubuduka kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, ndipo anthu adafa. Iwonso adali pobwerera. Ngakhale zombo zikuluzikulu sizidapulumuke: sitima ya Vipya idamira pa 30 Julayi 1946 itakumana ndi mafunde aakulu kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 adatsikira kulichete.

Malamulo oyendetsera zombo alipo, ndipo nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi ndiyo imayenera kuyendera mabwato onyamula anthu. Nthambi yoona za nyengo nayo imachenjeza pawailesi nyanja ikamaopsa. Koma pagombe la mudzi sipakhala wapolisi wowerenga mitu, ndipo majekete oyandamitsa munthu amaoneka mwa apo ndi apo. Chigamulo chimatsalira wokwera yekha ndi maso ake: kuona pamene madzi afika m'mbali mwa bwato, kufunsa ngati muli chokapira madzi ndi nkhafi zothandiza injini ikazima, ndiponso kuwerengera ngati dzuwa lilola kukafika. Wa ku Mwaya ali ndi mwayi umene wa ku Ruarwe alibe, chifukwa bwato likadzaza angathe kukwera minibasi ya pa M5.