Utsi wakuda pa galimoto ya dizilo: fufuzani musanaloze chala dalaivala

Salima: Aliyense amene amayenda pa msewu wa M14 kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe anaonapo galimoto ya pikiapu ikukwera zitunda za ku Mvera uku ikufuka utsi wakuda bii, moti wobwera pambuyo pake amachita kutseka mawindo.

Galimoto yotere imakhalanso ikumwa mafuta mopitirira muyeso. M'maofesi ambiri, mafuta akayamba kutha mwezi usanafike pakati, woyamba kuganiziridwa amakhala dalaivala. N'zoona kuti kuba mafuta kumachitika, koma utsi wakuda ndi umboni woti dizilo wina akutulukira ku ekizozi asanagwire ntchito, ndipo vutoli lili ndi njira yake yolifufuzira.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa akuluakulu oyang'anira galimoto m'boma la Salima, kumene alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi a zausodzi amadalira ma Toyota Hilux, Land Cruiser, Nissan Hardbody ndi Isuzu kuti akafike ku Chipoka, Senga Bay, Lifuwu, Khombedza ndi Thavite. Lita iliyonse yowonongeka ndi ulendo wa kumudzi umene walephereka.

Chimene utsiwo ukutanthauza

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Imakoka mpweya n'kuupanikiza mpaka utatentha kwambiri, kenaka manozo amapopera dizilo mu mpweya wotenthawo ndipo amayaka yekha.

Kuti lita imodzi ya dizilo ipse yonse, pamafunika mpweya wokwana pafupifupi malita 10,000. Mpweya ukachepa, kapena dizilo akachuluka, kapenanso akalowa ngati madontho m'malo mwa nkhungu, gawo lina silipsa bwino ndipo limasanduka mwaye. Mwayewo ndiwo utsi wakuda.

Mtundu wa utsi umathandiza kudziwa poyambira. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha umaloza ku madzi amene akulowa m'masilinda kapena dizilo amene sakuyaka n'komwe. Wakuda ndiye umanena za kusagwirizana kwa mpweya ndi mafuta.

Kautsi kotuluka kamodzi dalaivala akaponda moto mwadzidzidzi pa injini yakale si kodetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi utsi wosalekeza, makamaka ukamayendera limodzi ndi kuchepa kwa mphamvu.

Yambani ndi kuyeza

Galimoto isanapite ku galaja, ofesi iyenera kudziwa kuti ikumwa mafuta ochuluka bwanji. Njira yake ndi yosavuta: adzaze thanki, alembe makilomita m'buku la maulendo, ayende ulendo wodziwika mmodzi mwa akuluakulu ali momwemo, kenaka adzazenso thanki pa pampu yomweyo. Makilomita akagawidwa ndi malita amene alowa, yankho limapezeka.

Mwachitsanzo, ulendo wa ku Lilongwe kupita ndi kubwerera ndi wa makilomita pafupifupi 200. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imafuna malita 20, pamene yoyenda makilomita 7 pa lita imafuna pafupifupi malita 29. Pa maulendo khumi, kusiyana kwake kumayandikira malita 90, kuposa thanki yodzaza ya mapikiapu ambiri.

Ngati pa ulendo woyang'aniridwawo mafuta atha mwachizolowezi, ndiye kuti vuto lili pa kasungidwe ka mafuta ndi ka mabuku. Ngati athabe kwambiri, vuto lili pa galimoto.

Mpweya choyamba

M'dera la m'mbali mwa nyanja, choyamba kuona ndi fyuluta ya mpweya. Kuchoka pa misewu ya phula ya M5 ndi M14, misewu yambiri yolowera kumidzi ndi kumadooko ndi yafumbi ndi mchenga, ndipo m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala fyuluta imatsekeka msanga kusiyana ndi ya galimoto ya m'tauni. Ndi chifukwa chake mabuku a opanga galimoto amalamula kuti yoyenda m'fumbi izionedwa pafupipafupi.

Fyuluta yapepala siichapidwa ndi madzi ndipo siimenyetsedwa pamwala. Ikatsekeka kwambiri imafunika kuisintha. Kuyenda popanda fyuluta, monga ena amachitira pofuna kuti injini ipume, kumalowetsa mchenga umene umadya maring'i ndi masilinda, ndipo mapeto ake ndi kuphwasula injini yonse.

Pa galimoto zokhala ndi turbo, chachiwiri ndi mapaipi onyamula mpweya kupita ku injini. Paipi ikang'ambika kapena chomangira chake chikamasuka, mpweya umathawira panja pamene dizilo akulowabe mwa muyeso wakale. Zizindikiro zake ndi kulira ngati likhweru pokwera mtunda komanso oyilo wonyowetsa pamalo pamene pang'ambika.

Palinso vavu yotchedwa EGR imene imabweza utsi pang'ono mu injini pofuna kuchepetsa mpweya woipa. Vavuyi ikadzaza mwaye n'kukanirira chotsegula, injini imapuma utsi wake womwe. Kuitsuka, pamodzi ndi sensa yoyeza mpweya, nthawi zambiri kumathetsa vutoli pa mtengo wochepa.

Mtunda wa ku Mvera umaulula msanga matenda onsewa. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000. Galimoto ikamakwera, injini imalemedwa pa nthawi yomwe mpweya ukupepuka, ndipo injini zopanda turbo monga 3L ndi 5L za Hilux yakale kapena 1HZ ya Land Cruiser zimamva kusinthaku kwambiri.

Kenaka mafuta

Mbali ya mpweya ikapezeka kuti ili bwino, m'pamene makaniko amayang'ana manozo ndi pampu. Nozo yotha imadontha m'malo mopopera, ndipo injini imagogoda, imavuta kulira m'mawa, mwinanso oyilo amaoneka ngati akuchuluka chifukwa dizilo akutsikira m'menemo. Kuchedwa kukonza nozo yotere kungabowoletse pisitoni.

Pa mapampu akale pali bawuti yowonjezera mafuta imene ena amaipotoza pofuna mphamvu. Mphamvuyo imabweradi pang'ono, koma imabwera ndi utsi. Kasinthidwe ka nthawi imene pampu imaponyera dizilo nakonso kamafunika kuonedwa, makamaka ngati lamba wa injini wangosinthidwa kumene.

Injini zatsopano, monga D-4D za Hilux imene inatuluka m'chaka cha 2005, zimayendetsedwa ndi kompyuta ndipo manozo ake amagwira ntchito pa mphamvu yaikulu kwambiri. Zimenezi sizikonzedwa mongoganizira. Zimafuna makina owerengera zolakwika komanso kuyeza nozo iliyonse payokha, chifukwa kugula manozo onse anayi pamene vuto linali paipi yong'ambika ndi kuwononga ndalama za boma kawiri.

Mdani wamkulu wa manozo ndi dizilo wakuda, wamadzi kapena wosakaniza ndi palafini. Palafini alibe mafuta otereretsa zitsulo za m'pampu, choncho zimadyana. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zinachitikira m'zaka za 2011, 2022 ndi 2024, anthu ambiri ankagula mafuta a m'zigubu amene palibe anawayeza, ndipo bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA linachenjeza mobwerezabwereza za malonda oterewa. Fyuluta ya dizilo ndi kabotolo kolekanitsa madzi ziyenera kuonedwa nthawi iliyonse galimoto ikamwa mafuta okayikitsa.

Zina zosaoneka ku ekizozi

Galimoto ingathe kumwa mafuta ambiri injini ili bwinobwino. Matayala osapopa mokwanira, amene ena amawaphwetsa dala podutsa mumchenga n'kuiwala kuwapopanso, mabuleki ogwira, kilachi yoterereka, katundu wopitirira muyeso ndi kuyenda pa phula giya ya matayala onse anayi ili yolowa, zonsezi zimawonjezera malita.

Kutentha kwa ku Salima nako kumabweretsa zizolowezi ziwiri. China ndi kusiya injini ikulira kwa maola kuti m'galimoto muzizizira podikira msonkhano ku Senga Bay. Mafuta amenewa amatha popanda kilomita yolembedwa m'buku. China ndi kuchotsa thermostat poganiza kuti injini isamatenthe, chonsecho injini yosafika pa kutentha koyenera siiwotcha bwino dizilo.

Umoyo ndi malamulo

Utsiwu si nkhani ya ndalama yokha. M'chaka cha 2012, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo. Amene amaupuma kwambiri ndi okwera kumbuyo kwa pikiapu, akabaza ndi amayi ogulitsa nsomba ndi mango m'mbali mwa msewu.

Galimoto iliyonse imayeneranso kukhala ndi chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo galimoto za boma n'zimene ziyenera kupereka chitsanzo.

Choncho mkulu woyang'anira galimoto akalandira dandaulo la utsi ndi mafuta, ndondomeko yake ndi kuyeza malita, kuona matayala ndi mabuleki, fyuluta, mapaipi ndi EGR, ndipo manozo ndi pampu zibwere pomaliza. Pempho la ndalama zokonzera lizisonyeza zimene zayezedwa ndi zimene zapezeka, ndipo galimoto ikatuluka ku galaja iyezedwenso pa ulendo womwe uja kuti zidziwike ngati ntchito yagwiridwadi.