Masamu a Giredi 12 amafuna kuthirira

Aliyense amene anaumbitsapo mabuloko ku Kalingalinga kapena ku Mtendere amadziwa kuti ntchito siithera pachikombole. Buloko ikatuluka imafuna madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo kuti simenti igwire. Waphuma amangoiyanika padzuwa, mawa lake n'kugulitsa. Pamaso imaoneka bwino ndithu, koma poitsitsa m'galimoto imafumbutukira m'manja.

Masamu a Giredi 12 ndi chimodzimodzi. Mayeso a Examinations Council of Zambia amagwa mu Okutobala ndi Novembala, ndiye Seputembala akangolowa, tizipinda ta matuishoni ku Matero ndi ku Chawama timadzaza thothotho, ana akuumba mwaphuma zimene anayenera kumathirira kuyambira Giredi 10. Mwana aloweza fomula ya quadratic usiku umodzi, kukacha aitchula yonse osaphonya. Mumpatse funso lomwelo mutasintha manambala pang'ono, yasweka.

Pepala loyamba ndilo limaulula buloko yosakhwima. Ndi la maola awiri, ndipo kakyuleta saloledwa. Ana ambiri a m'komboni anazolowera kudina foni ngakhale powerengera chenji cha makala, choncho akakumana ndi theka loti aphatikize ndi magawo awiri a magawo atatu, dzanja limauma. Apa mphunzitsi wa tuishoni, ngakhale wodziwa chotani, sangakuthirireni. Ndi inu nokha ndi pensulo, theka la ola tsiku lililonse, foni ili m'thumba. Theka la ola limenelo limaposa Loweruka lathunthu lokhalira buku kamodzi pamwezi.

Pepala lachiwiri, la maola awiri ndi theka, limalola kakyuleta. Gawo A mumayankha lonse. M'gawo B mumasankha mafunso anayi mwa asanu ndi limodzi. Mukayala mapepala a zaka zam'mbuyo pamphasa mudzaona kuti earth geometry, linear programming ndi transformation zimabwerabwera. Sankhiranitu mitu yanu isanu, muidziwe mpaka pansi, wachisanuwo ukhale wapadera. Ndipo lembani njira yonse. Wochonga amapereka mamakisi panjira yolondola ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Amene wangolemba nambala yokha, ikalakwika watuluka chimanjamanja.

Vuto la malo owerengera tisalibise. M'chipinda chimodzi muli mbaula, wailesi ndi ang'ono anu atatu, ndipo mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti ankapita tsiku lonse. Amene ndaona zikuwayendera satsutsana ndi mdima: amatsalira kusukulu anzawo akaweruka, atatuatatu, akulemba mapepala akale wina atagwira wotchi, kenako n'kusinthana mapepala kuti achongerane mopanda chisoni. Gulu likapitirira anthu asanu limasanduka la nkhani za mpira.

Za malikeji, mapepala a mayeso otuluka nthawi isanakwane, ndingonena mwachidule. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso m'dziko lonse pepala la masamu la Giredi 9 litafalikira pa intaneti, ndipo wogwidwa ndi zoterezi zotsatira zake zimafafanizidwa.

Chimene chimawawitsa mtima makolo ndi kampata kakang'ono ka pakati pa 6 ndi 7 pa zotsatira za mayeso. Sikisi ndi kirediti, seveni ndi kungokhoza. University of Zambia, imene ana a ku Kalingalinga amaiona tsiku ndi tsiku kuseri kwa mpanda, imafuna makirediti asanu, ndipo wofuna udokotala kapena uinjiniya popanda kirediti ya masamu khomo silimutsegukira. Copperbelt University ku Kitwe nayonso siseka pa masamu. Wopeza seveni amayembekeza mayeso obwereza a GCE a pakati pa chaka chotsatira, n'kulipira yekha ndalama zolembetsera, nthawi zambiri akuwerenga usiku atachoka kokagulitsa pa Soweto Market.