Ndani Akudya Galimoto Yakale?

Ndine azakhali anu, ndipo lero tigwira ntchito ya maso. Mukaona galimoto yakale itaima, kaya ndi minibasi pasiteji kaya ndi ya amalume pabwalo, iyang'anitsitseni. Yang'anani m'munsi mwa zitseko. Yang'ananinso pamwamba pa matayala, pomwe pamakhala matope. Kodi mwaona timadontho tofiirira? Tawerengani, tilipo tingati? Timeneto ndi dzimbiri, ndipo likudya galimotoyo pang'onopang'ono, usana ndi usiku.

Kodi dzimbiri limachokera kuti? Ena amayesa kuti ndi dothi lomwe lamatirira. Ayi ndithu. Dzimbiri ndi chitsulo chomwecho, koma chasintha. Kuti chisinthe, pakumane zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya. Mumpweya tikupumawu muli okosijeni. Madzi akanyowetsa chitsulo, okosijeniyo amagwirana nacho, ndipo pamabadwa kaufa kofiirira. Tangoganizani! Mpweya womwe ukutipatsa moyo ndi womwewo ukudya chitseko cha minibasi. Koma chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, dzimbiri silibwera. N'chifukwa chake msomali wosungidwa pouma umatha zaka ukunyezimirabe.

Nanga penti amapakidwa chifukwa chiyani? Kungokongoletsa? Kukongoletsa kulipo, koma ntchito yake yaikulu ndi kutchinga. Penti ali ngati khungu la galimoto. Iye amaletsa madzi ndi mpweya kuti zisafike pachitsulo. Magalimoto ambiri amapakidwa katatu. Penti wapansi, yemwe amisiri amamutchula kuti pulaimala, amagwira chitsulo zolimba. Wapakati ndi uja wa mtundu, wofiira kapena woyera. Wapamwamba alibe mtundu, amangonyezimira. Tsono tengani pepala limodzi la kope lanu, mulipanire pakati pa zala. Penti yense uja, atatu onse pamodzi, kukhuthala kwake n'pafupifupi komweko. Kanthu kopyapyala chonchi n'komwe kakuteteza galimoto yonse!

Tsono khungulo limang'ambika bwanji? Kawirikawiri ndi kamwala. Lole ikuthamanga kutsogolo pamsewu wa miyala. Tayala lake laponda kamwala n'kukalasa m'mbuyo. Thaa! Kagunda paboneti. Penti wabenthuka pang'ono pokha, mwina woyendetsa sanaone n'komwe. Pamenepo patsala kachilonda, chitsulo chili pamtunda. Mvula ikagwa kapena mame akatera, ntchito yayambika.

Kodi dzimbiri limakhala pamalo omwe layambira? Apa ndiye pali zodabwitsa. Silikhala pamodzi ayi. Limakwawira pansi pa penti, mobisala. Komanso dzimbiri limafuna malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya. Likamakula limakankha penti kuchokera mkati, ndipo penti amatukumuka n'kuchita matuza. Choncho mukaona thuza laling'ono pachitseko, dziwani kuti mkatimo chilonda n'chachikulu. Likasiyidwa zaka, chitsulo chimafumbutuka mpaka kubooka. Ndani mwa inu anakwerapo minibasi n'kumaona msewu ukuthamanga pansi pa mapazi ake? Bowo lija linayamba kang'onong'ono.

Bwanji magalimoto ena amachita dzimbiri msanga kuposa ena? Funsani mchere. Madzi amchere amafulumizitsa dzimbiri kwambiri. M'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Beira, Dar es Salaam ndi Durban, ngakhale mphepo imene imakhala ndi timadontho ta mchere. Ku Britain, nyengo yozizira ikafika amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Mcherewo umathovukira kunsi kwa magalimoto. Ife kuno tili ndi mwayi, poti nyanja ya Malawi ilibe mchere. Mdani wathu ndi matope. Matope akamatirira kunsi kwa galimoto amasunga chinyezi masiku ambiri, dzuwa likuwala bwinobwino. Ndiye amene amatsuka pamwamba pokha, kunsi osakhudzako, wasiya ntchito yeniyeni.

Kodi chilonda chimenechi chingachire? Inde, chikapezeka msanga. Tiyeni tiime pambali pa mmisiri kugalaja tione. Choyamba akutsuka malowo ndi sopo, n'kupukuta kuti paume gwa. Kenako akutenga sandipepa, pepala lokhakhala lija. Tamverani: kwe, kwe, kwe. Kaufa kofiirira kakugwera pansi. Zala zake zafiirira. Iye sakusiya. Akukwecha, akuuzira, akusuzumira, akukwechanso. Adzasiya pokhapokha chitsulo chitayera n'kuyamba kunyezimira. Kenako akusalaza m'mbali mwa chilondacho, n'kuyendetsapo chala maso ali chitsinzinire. Chala chimamva kamtumbira komwe diso silingaone. Amisiri ena amapakanso mankhwala omwe amadetsa bii tidzimbiri totsalira m'timaenje kuti tisakulenso.

Bwanji osangopaka penti pamwamba pa dzimbiri, ntchito n'kutha msanga? Aa, amenewo ndi mabodza, ana anga! Chilonda sachimanga chisanatsukidwe. Penti wopakidwa padzimbiri amakongola milungu yochepa chabe. Dzinja limodzi likadutsa, matuza aja abweranso, ndipo akula. Kwa ine, mmisiri wabwino amadziwika ndi sandipepa, osati ndi burashi.

Nanga kupaka kwenikweni kumatenga nthawi yaitali? Kupakako ayi, koma kudikira. Mmisiri amaphimba malo ozungulira ndi nyuzipepala, n'kumata ndi tepi. Amapopera pulaimala pang'ono, n'kudikira kuti aume. Amapopera penti wa mtundu mopyapyala, n'kudikira. Amabwereza, n'kudikiranso. Akachita phuma n'kuthira wambiri nthawi imodzi, penti amachucha n'kuuma ali ndi mizere. Ngati pobenthukapo n'paching'ono kwambiri, sapopera n'komwe. Amangoviika nsonga ya kamtengo ka machesi mupenti, n'kudonthezera kadontho kamodzi m'kadzenjemo. Mphepo ya fumbi ikamawomba, wanzeru amayamba wadikira, chifukwa fumbi limakakamira papenti wosauma.

Kodi amadziwa bwanji mtundu woyenera? Mwina mukuti, zoyera ndi zoyera basi. Tayesani izi: sanjikani pamodzi pepala, choko ndi shati yoyera. Kodi kuyera kwake n'kofanana? Ayi. Ndi mmenenso zilili ndi magalimoto. Choncho opanga amalemba nambala ya penti pa kachitsulo kapena kapepala, nthawi zambiri pafelemu ya chitseko kapena pansi pa boneti. Wogulitsa penti akaona nambalayo amasakaniza mtundu womwewo. Kale ku America amisiri ena analibe vuto limeneli. Kuyambira 1914 mpaka 1925, kampani ya Ford inkapanga galimoto yake yotchedwa Model T yakuda yokhayokha!

Nanga ngati chitsulo chabooka kale? Pamenepo penti sangathandize. Owotcherera amadula mbali yodyekayo n'kuikapo chitsulo chatsopano. Kenako amamata phala lomwe limauma gwa, n'kulisalaza. Pali kachinsinsi apa. Maginito amakakamira pachitsulo, koma pomwe pamatidwa phala lambiri sagwira bwino. Anthu ena ochenjera pogula galimoto yakale amapita ndi kamaginito m'thumba. Kakagwa pachitseko, amadziwa kuti pansi pa penti pabisika nkhani.

Kodi malata a padenga bwanji amatha zaka akunyowa osachita dzimbiri? Funso labwino! Malata amakutidwa ndi chitsulo china chotchedwa zinki. Zinki amalola kudyeka iye poyamba kuti chitsulo chamkati chipulumuke. Akatha, denga limayamba kufiirira. Magalimoto ambiri a masiku ano amakutidwanso ndi zinki asanapakidwe penti. Akale ambiri analibe chitetezo chotere, n'chifukwa chake amafuna diso.

Kodi ndi magalimoto okha amene amavutika? Ayi. Mumzinda wa Paris ku France muli nsanja yachitsulo yotchedwa Eiffel, yomwe anamaliza kumanga mu 1889. Amaipakanso penti pafupifupi zaka 7 zilizonse, ndipo pamalowa penti wolemera matani 60. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000. Tawerengani nokha, onsewo ndi makilogalamu angati? Ndipo dzimbiri lili ngakhale kumwamba. Dziko la Mars limaoneka lofiirira chifukwa fumbi lake lili ndi dzimbiri. Kulibe galimoto yokwera anthu, kulibe galaja, koma dzimbiri lili mbwee!

Kodi inunso mungathe kuona dzimbiri likubadwa? Mungathe, sabata ino yomwe. Pemphani akuluakulu misomali inayi yatsopano, yosakutidwa ndi zinki, ndi makapu anayi apulasitiki. Msomali woyamba muuike m'kapu youma. Wachiwiri m'madzi pang'ono, mutu wake uli pamtunda. Wachitatu m'madzi othira mchere. Wachinayi muupake mafuta odzola paliponse, kenako muuike m'madzi. Musanayambe, lembani m'kope kuti mukuganiza kuti ndi uti uyambe kufiirira. Muziyang'ana m'mawa uliwonse n'kujambula zomwe mwaona. Msomali ukachita dzimbiri, uviikeni m'madzi a ndimu kapena viniga usiku wonse, kenako muukweche ndi kansanza. Muone chomwe chichitike.

Koma chonde, gwirani misomali mosamala. Chitsulo chakuda chikakubayani, uzani akuluakulu msanga kuti mupite kuchipatala, chifukwa tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndipo timalowera pabala. Penti wopopera ndi mankhwala a dzimbiri ndi za akuluakulu, fungo lake silabwino m'chifuwa. Galimoto ya eni musaikande, ingoiyang'anani. Mukapeza kachilonda kapena thuza, kauzeni mwini wake mwaulemu kuti akonze mvula isanayambe.