Chipewa chimateteza mutu, nanga za m'mutumo?

Tikadutsa pamalo pamene akumanga nyumba yosanja, maso athu amathamangira ku zipewa zolimba, majombo ndi malamba amene amisiri amadzimangirira nawo pansanja. Timadziwa kuti njerwa ikhoza kugwa ndipo makwerero akhoza kuterereka. Chimene sitichiona ndi katundu amene mmisiri wanyamula mumtima pobwera m'mawa: ngongole ya katapila, malipiro amene achedwa miyezi iwiri, banja limene analisiya kutali, ndi mantha akuti kontalakiti ikatha mwezi wamawa sadziwa kolowera.

Ku Queensland, m'dziko la Australia, amisiri omanga anafika potopa ndi kuika maliro a anzawo odzipha. Thumba lina losunga ndalama za ogwira ntchito yomanga linapempha akatswiri a pa Griffith University kuti afufuze, ndipo anapeza kuti vutoli linali lalikulu, makamaka pakati pa anyamata. Zotsatira zake, mu 2008 kunabadwa bungwe la MATES in Construction. Nzeru yake inali yosavuta kumva. Mwamuna wa ntchito zamanja sathamangira kwa dokotala wa maganizo, koma mnzake amene amakanda naye matope tsiku ndi tsiku amaona msanga pamene wasiya nthabwala, wayamba kujomba kapena wawonjeza mowa. Motero aliyense pamalo antchito amaphunzitsidwa pafupifupi ola limodzi kuzindikira zizindikiro. Ena odzipereka amaphunzira maola 4 kuti akhale olumikiza wovutikayo ndi thandizo, ndipo ochepa amaphunzira masiku 2 mmene angakhalire ndi munthu amene wafika poganiza zodzipha. Ophunzitsidwawo amamata chizindikiro pachipewa kuti wofuna kuyankhula adziwe wopita kwa iye. Njirayi inafalikira ku migodi ndi ku ntchito zamagetsi, ndipo mu 2019 inafika ku New Zealand.

Chimene chimatikhudza ife kwambiri ndi chakuti anthuwa amaphunzitsidwa kufunsa mosazungulira ngati mnzawo akuganiza zochotsa moyo wake. Ambiri mwa ife timaopa funso limeneli, poganiza kuti tikalitchula tadzala maganizowo. Akatswiri a zaumoyo apeza kuti kufunsa sikukankhira munthu ku imfa. Nthawi zambiri kumamutsegulira khomo loti atule.

Palinso mbali ina imene Amy Edmondson wa ku Harvard anaiunika. Pofufuza m'zipatala za ku America, iye anadabwa kupeza kuti magulu a anamwino amene ankagwirizana bwino ndiwo ankaoneka ndi zolakwa zambiri m'mabuku. Atayang'anitsitsa anaona kuti sankalakwitsa koposa anzawo ayi, koma ankaulula zolakwa zawo popanda mantha, pamene magulu okhala ndi mkulu waukali ankabisa. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wofotokoza kumasuka kumeneku, kwakuti munthu akhoza kufunsa, kuvomera kuti sadziwa kapena kuchenjeza za ngozi popanda kunyozedwa.

Tiyeni tiitengere nkhaniyi ku galaja ya m'tauni mwathu. Mnyamata wophunzira umakaniko waiwala kumanga bwino mabawuti a tayala la minibasi. Wakumbukira galimoto isanatuluke. Ngati sabata yatha anatukwanidwa pamaso pa makasitomala chifukwa chotaya sipanala, kodi atsegula pakamwa? Adzangoti zii, napemphera chamumtima kuti tayalalo lisazuke pamsewu. Apa tikuona kuti ukali wa bwana wafika pokhudza miyoyo ya okwera amene sanapondepo pagalajapo. Chimodzimodzi kwa kalipentala wachinyamata amene waona kuti mtanda wa denga wafupika, kapena wowotcherera zitsulo amene maso akumuwawa koma akuopa kupempha magalasi.

Timamva kawirikawiri akuti, “Ifenso tinaphunzira movutika chomwecho.” N'zoona kuti ntchito yamanja imafuna mwambo, ndipo kudzudzula kuli ndi malo ake. Koma kuchititsa manyazi mwana wa mwini, kumupatsa dzina lachipongwe, kumugwiritsa ntchito chaka chathunthu ndi ndalama ya chipisi yokha, zimenezo siziphunzitsa luso lililonse. Ndipo tisanamizane, ena mwa mabwana amenewa timakhala nawo pabenchi limodzi Lamulungu, ena ndi akulu a mpingo.

Kunyumba nakonso timalakwitsa. Bambo akabwera kuntchito ali duu, osadya, osagona, timafulumira kunena kuti alodzedwa ndi anzawo ansanje kapena chikhulupiriro chawo chazilala. Nkhani ya mneneri Eliya pa 1 Mafumu 19 imationetsa munthu wamphamvu amene anatopa mpaka kupempha imfa, ndipo thandizo loyamba limene analandira linali tulo, chakudya ndi madzi. Kuyankhulana kunabwera pambuyo. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ali ndi chithandizo monga alili malungo. Mu 2022 mabungwe a WHO ndi ILO ananena kuti matenda awiriwa amatayitsa masiku antchito okwana 12 biliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo anapempha olemba ntchito kuti aphunzitse akapitawo kuzindikira wantchito amene akuvutika.

Kuno kwathu lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pamalo antchito lilipo, ndipo TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Koma amisiri ochuluka amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, kumene woyendera wa boma safikako. Kumeneko wolumikiza uja ndi mwini shedi, mkazi wa mmisiri kapena mnzake wa m'kwaya. Akaona kuti zafika povuta, ayambe ndi chipatala cha boma chapafupi, chimene chimatumiza odwala ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God. Wopitayo asapite yekha, mmodzi wa ife amuperekeze.