Anamkungwi, aphunzitsi ndi amfumu pa mphasa imodzi

Mtsikana wa zaka 13 amalangizidwa ndi anthu ambiri chaka chisanathe. Kusukulu aphunzitsi amamuuza za kusintha kwa thupi lake. Akatha msinkhu, azakhali amalowa naye m'nyumba kukam'patsa mwambo. Patchuthi chachikulu ali kutsimba ndi anamkungwi, kapena kuchilangizo cha mpingo, kapena kumadrasa. Mlangizi wa zaumoyo naye amabwera ndi mawu ake. Onsewa amamufunira zabwino, koma m'midzi yambiri sanakhalepo pansi n'kufunsana kuti, "Kodi inu mumamuuza zotani?" Uyu akuti udakali mwana, limbikira sukulu, uyo akuti wakula tsopano, usaope mwamuna. Mwanayo amatsala yekha kuti asankhe, pa msinkhu umene sangathe kusankha bwino.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 analowa m'banja asanakwanitse zaka 18. Ntchito yolera ana, yaikulu chonchi, singasiyiridwe sukulu yokha, kapena mpingo wokha.

Malo okumanirana alipo kale, sitifunika kuyambitsa bungwe latsopano. Kuchokera mu 1998, pamene kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, dera la gulupu aliyense limakhala ndi komiti ya chitukuko, VDC. Pamwamba pake, m'dera la mfumu yaikulu, pali komiti ina yotchedwa ADC, yomwe imathandizidwa ndi alangizi a boma a zaumoyo, zaulimi, zamaphunziro ndi zachitukuko. Zomwe VDC yagwirizana zimalembedwa mu dongosolo la ntchito za m'mudzi, zimakwera ku ADC, kenako kukhonsolo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti misonkhano ya makomiti amenewa imathera pa mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu, ngati kuti chitukuko ndi simenti yokha. Munthu aliyense wa m'deralo ali ndi ufulu wopita kwa mlembi wa VDC n'kupempha kuti nkhani ya kulera achinyamata ilowe pa mndandanda wa zokambirana. Ikalowa, aitanidwe onse amene amagwira mwana: ahedi, amayi a mother group, komiti ya sukulu, anamkungwi, akuluakulu a kudambwe kapena angaliba, abusa ndi mashehe, mlangizi wa zaumoyo, woteteza ana wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu. Achinyamata eni ake akhalepo, ndipo apatsidwe mpata woyankhula. Kusesa pabwalo ndi kunyamula mabenchi si kutenga mbali.

Poyambira pabwino ndi pa kalendala, chifukwa sipavuta kugwirizana. Sukulu zimatsegulidwa mu Sepitembala. Ngati tsimba, dambwe, ndagala kapena thezo zitseka sabata imodzi sukulu zisanayambe, palibe mwana amene angaphonye teremu. Amfumu ndiwo amapereka chilolezo choti chinamwali chichitike, choncho mawu awo pa tsiku loyambira ndi lotsekera amamveka.

Za mwambo weniweniwo ndiye zimafuna kuleza mtima. Anamkungwi si adani a chitukuko. Ndiwo amaphunzitsa mtsikana kudzisamalira akakhala kumwezi, ulemu kwa akulu, kupirira, ndi kudziwa kuti ali ndi anzake amene analowa nawo limodzi. Munthu wobwera ndi galimoto n'kuyamba kuwanyoza pagulu sasintha kanthu. Chinamwali chimangosamukira kobisika. Chimene chimathandiza ndi kuti amayi okhaokha akhale paokha, namwino kapena mlangizi ali pomwepo, n'kusanthula malangizo amodziamodzi: awa ndi a mwana wa zaka 11, awa adikire mpaka tsiku la ukwati. Kusasa fumbi ndi fisi zilibe pokambirana, pakuti lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, ndipo wochita zimenezi akhoza kumangidwa. Kumbali ya anyamata, madera ena anagwirizana kuti mdulidwe uzichitidwa ndi achipatala, malangizo n'kutsalira m'manja mwa eni mwambo.

Kenako pamafunika kope. Inde, kope wamba la mizere, losungidwa ndi mother group. Mtsikana akajomba sabata ziwiri, ahedi apereke dzina, amayi awiri apite kwawo madzulo anthu ataweruka kumunda. Sapita kukakalipa. Amakhala pakhonde, amapereka moni, amafunsa za matenda, ndipo pang'onopang'ono chifukwa chimatuluka: yunifolomu inang'ambika, alibe zodzisamalira nazo akakhala kumwezi, agogo akudwala, akupita kuganyu, kapena ali ndi pakati. Chifukwa chilichonse chili ndi khomo lake. Za pakati, makolo ambiri sadziwa kuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Chofunika ndi kudziwitsa ahedi msanga kuti malo ake asungidwe, ndi kupeza wosiyira khanda nthawi ya maphunziro. Kope limeneli likamawerengedwa pamsonkhano wa VDC, manambala okha popanda kutchula mayina a ana, mudzi umaona bwino pamene pakuvuta.

Pa nkhani ya maukwati lamulo silikayikitsa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko n'kuchotsa mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anaonetsa mmene mfumu ingagwiritsire ntchito mphamvu zake: anasainirana pangano ndi mafumu awo, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo anyakwawa ololeza maukwatiwo ankaimitsidwa paudindo mpaka atakonza zinthu.

Koma malamulo a m'mudzi ali ndi malire, ndipo apa ndi pamene midzi yambiri imalakwitsa. Chindapusa cha nkhuku kwa kholo lotuma mwana kumsika nthawi ya sukulu n'chabwino. Munthu wogona ndi mwana wamng'ono, ameneyo si wa pabwalo la amfumu. Mbuzi siifafaniza mlandu umenewo, ngakhale wolakwayo akhale malume kapena mphunzitsi. Mwanayo apite kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV, ndipo nkhani ipite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana angathe kuimba yekha.

Anyamata timawaiwala. Misonkhano yambiri imakamba za atsikana, pamene mnyamata wa zaka 15 wasiya sukulu n'kuyamba kabaza, wapita kunyanja kukakoka makoka, kapena akusunga ndalama ya ulendo wa ku Joni. Iyeyu ndiye mwamuna ndi bambo wa mawa. VDC ikhoza kulemba amisili onse a m'dera, akalipentala, atelala, owotcherera zitsulo, omanga, n'kuwapempha kuti aliyense atenge wophunzira mmodzi kapena awiri, atsikana ndi anyamata omwe. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso m'madera. Uthenga wa nthawi yolembera malo m'makolejiwa sufika kumudzi pokhapokha wina atapatsidwa udindo wokaufunsa kukhonsolo.

Udindo umenewo ndi woyenera kalabu ya achinyamata. Kalabu ikhale ndi malamulo ake olembedwa ndi atsogoleri osankhidwa, ikalembetse kwa mkulu woona za achinyamata paboma, amene angailumikize ndi National Youth Council of Malawi. Kalabu yomweyo izikumbutsa aliyense wokwanitsa zaka 16 kukalembetsa chiphaso cha unzika, chifukwa akadzafika zaka 18 adzachifuna polembetsa m'kaundula wa mavoti, potsegula akaunti kubanki ndi pofunsira ntchito. Msonkhano ukatha, mlembi wa VDC awerenge mokweza zomwe zagwirizanidwa, dzina la wochita ntchito iliyonse, ndi tsiku lokumananso teremu isanathe.